Kukonzanso nyumba: nkhondo ili kumapeto

Okutobala akafika pakati, dzuwa likuswa mtengo, mitambo n'kuyamba kusonkhana chakumadzulo, pali anthu awiri amene tulo timawathawa pa Mponela: mlimi amene sadapezebe feteleza, ndi munthu amene nyumba yake ili m'manja mwa amisiri.

Banja lina la pamalopa likuidziwa bwino nkhawa yachiwiriyi. Bambo ndi mlimi wa fodya, mayi ali ndi kagolosale m'mbali mwa msewu wa M1. Nyumba yawo ya zipinda zitatu idamangidwa kalekale ndi njerwa zootcha koma zomangira dothi, ndipo malata ake adali atadyeka ndi dzimbiri moti dzinja lililonse mabeseni ndi mapoto ankagona pabalaza kuwakha madzi. Fodya atayenda bwino ku okushoni ku Kanengo, awiriwa adagwirizana zoikonzanso: kusintha denga, kuwonjezera chipinda cha ana aakazi omwe tsopano akula, kulowetsa bafa ndi chimbudzi m'nyumba, kuika siling'i ndi matailosi.

Bilidala adawatsimikizira kuti miyezi iwiri yakwana. Mu Juni adasamukira m'kanyumba ka lendi kuseri kwa msika, mipando ndi kabati n'kukasungitsa kwa achibale. Poyamba ntchito idathamangadi. M'masabata asanu okha chipinda chatsopano chidaima, malata atsopano adakhomedwa, odutsa mumsewu n'kumaima kuyamikira.

Koma Okutobala adawapeza akadali m'kanyumba komweko, landilodi akulandira lendi ya mwezi wachisanu, ndalama za fodya zitatha, mayi atayamba kale kutapa mpamba wa golosale. Nyumbayo kuionera kumsewu inkaoneka yotha. Kulowa m'kati, mawaya ali lendelende, mawindo opanda magalasi, kubafa kuli maenje okhaokha.

Izi si za pa Mponela pokha. Aliyense amene adayendapo m'makwalala a Balaka, Ntcheu, Luchenza kapena Mchinji adazionapo nyumba za malata onyezimira koma mawindo ake otseka ndi njerwa kapena masaka. Eni ake adalowamo ponena kuti adzamaliza ali momwemo, ndipo ana adabadwiramo mpaka kuyamba sukulu khoma lisadalawe penti.

Chimene chimanamiza anthu n'chakuti makoma ndi denga zimakwera msanga, zimafuna zipangizo zochepa mitundu, ndipo amagwira ndi gulu limodzi. Ntchito yomalizitsa imafuna bilidala, kalipentala, wamagetsi, pulambala, woika matailosi ndi wopenta, aliyense kudikira mnzake. Imafunanso tinthu tambirimbiri tomwe palibe amatikumbukira polemba bajeti: mahinjesi, maloko, masoketi, guluu wa mapaipi, misomali ya siling'i. Kamodzikamodzi timaoneka totchipa. Kuphatikiza pamodzi, ndi ng'ombe.

Woyamba ndani, wotsatira ndani

Cholakwa choyamba cha banjali chidali kufuna kuona kukongola msanga. Denga litangotha, bambo adauza bilidala kuti ayambe pulasitala, poti wamagetsi adali ku maliro kwawo ndipo simenti idali itagulidwa kale. Makoma adasalala bwino kwambiri. Patatha sabata ziwiri wamagetsi adatulukira ndi hamala ndi tchizulo, n'kuyamba kugoba mizere m'makoma omwewo kuti akwirire mapaipi a mawaya. Pulambala naye atafika adaswa konkire ya kubafa. Simenti yomata mabala amenewa sidali pa bajeti, komanso chigamba cha pulasitala, kaya mmisiri ndi waluso chotani, chimaonekabe penti ikapakidwa.

Ndondomeko yake ndi yakale ndipo sisintha. Denga likatha ndi mafelemu ataikidwa, pamabwera zonse zodzabisika: mapaipi a mawaya, mabokosi a masoketi, mapaipi a madzi ndi a zonyansa. Mapaipi a madzi amayesedwa kaye potsegulira madzi asadakwiriridwe, chifukwa paipi yodontha m'kati mwa khoma lomangira dothi imaligwetsa mwakachetechete. Kenako pulasitala, siling'i, pansi, ndipo penti pambuyo. Masoketi enieniwo, mababu, mipope ndi magalasi oyang'anira nkhope zimabwera fumbi litatha.

Nyumba yakale ili ndi misampha yake yomwe yatsopano ilibe. Mawaya ake adaikidwa nthawi imene m'nyumba munkangoyaka mababu ndi wayilesi, pomwe lero muli firiji, ayironi, ketulo, mwinanso kuka. Waya wa 1.5 mm ndi wa mababu, masoketi amafuna wa 2.5 mm, kuka amafuna waya wakewake wonenepa, kawirikawiri wa 6 mm. Wogwira ntchitoyi akhale ndi chiphaso cha bungwe la MERA, ndipo ngati mita ikufunika kusuntha, imeneyo ndi ntchito ya ESCOM, osati ya mnyamata wa pamsika. Chimodzimodzi mita ya madzi: kwa a pa Mponela, eni ake ndi a Central Region Water Board.

Msampha wina uli pomwe khoma latsopano lakumana ndi lakale. Awiriwa sakhazikika mofanana, ndiye pakapanda kulumanitsa njerwa ndi kuyala kawaya ka nkhuku pamalumikizidwewo musadapake pulasitala, mng'alu umatuluka kuchokera kudenga mpaka pansi chaka chisadathe. Khoma lakale lomwe linkapakidwa laimu liyenera kupalidwa ndi kunyowetsedwa, apo ayi pulasitala watsopano amangokhala ngati chikhokho cha m'poto, kudikira tsiku losupuka.

Tsiku lofunika kwambiri, lomwe eni nyumba ambiri amaliphonya, ndi lija siling'i isadatsekedwe. Ikatsekedwa palibe adzaonenso za pamwambapo. Mwini nyumba akwere yekha masana dzuwa lili paliwombo, ayang'ane ngati pali timabowo tolowetsa kuwala m'malata, aone ngati matabwa adapakidwa mankhwala a chiswe, ngati mawaya ali m'mapaipi osati ongoponya pamatabwa, ndiponso ngati denga lidamangiriridwa ndi waya wolowa m'khoma mizere ingapo ya njerwa. Mphepo ya mvula yoyamba, yomwe chaka ndi chaka imasasula madenga a nyumba ndi masukulu, sifunsa kuti malata ndi a geji 28 olimba aja kapena 32 opyapyala. Ngati denga silidamangiriridwe, limapita lonse.

Simenti sithamangitsidwa

Cholakwa chachiwiri chidabwera ndi lendi. Pofuna kuthawa kulipira mwezi wina, banjali lidaitana wopenta pulasitala wa pabalaza ali ndi masiku 6 okha. Wopentayo adawiringula pang'ono, koma ntchito ndi ntchito, adapaka. Pasadathe mwezi penti idayamba kutupa, timchere toyera n'kutuluka m'munsi mwa makoma. Ndowa ya malita 20 idapita pachabe.

Konkire imatenga masiku 28 kuti ifike pa mphamvu yake, ndipo sabata yoyamba imafuna kuthiriridwa. Pulasitala naye, makamaka m'kutentha kwa Okutobala, amafuna kuwazidwa madzi m'mawa ndi madzulo kwa masiku angapo kuti asaume mofulumira n'kuchita ming'alu. Akatha kumwa madziwo amafunika sabata zitatu kapena zinayi kuti aume ndithu asadapakidwe penti. Njira yodziwira ndi yosalira ndalama: kumata kapepala ka pulasitiki pakhoma ndi tepi mbali zonse n'kukasiya usiku umodzi. M'mawa kakapezeka ndi thukuta m'kati, khomalo silidaume.

Apa pafunika kunena chilungamo, poti si nthawi zonse wolakwa amakhala mmisiri. Thumba la simenti la 50 kg limayenera mawilibala awiri kapena atatu a mchenga wosefa bwino pa pulasitala. Ndalama zikayamba kuchepa, amayamba ndi mwini nyumba kunyengerera kuti thumba lifike mawilibala asanu. Zotsatira zake ndi khoma lomwe mwana amalikanda ndi msomali mchenga n'kumayoyoka, ndipo tsiku limenelo dzina loipa limapita kwa bilidala.

Balansi ndiye chingwe

Koma chomwe chidaimitsa ntchito kwenikweni chidali china. Kumapeto kwa Ogasiti bilidala adadandaula kuti sukulu zikutsegulira mu Sepitembala ndipo mwana wake alibe fizi. Poti amapemphera mpingo umodzi, bambo adachita manyazi n'kupereka balansi yonse. Sabata yotsatira bilidala adaoneka akukumba maziko a nyumba ina ku Madisi, foni yake ikungoitana.

Munthuyo sadali wakuba. Zomwe zidatsala kwa iye zidali tintchito tokhumudwitsa: kumata zigamba, kukonza m'munsi mwa mawindo, kumanga khonde. Tintchito totere timadya masiku koma ndalama yake adali atadya kale, pomwe maziko atsopano amabwera ndi dipoziti yatsopano. Makontirakitala akuluakulu amadziwa khalidweli, n'chifukwa chake pa ntchito zomanga masukulu ndi zipatala mwini ntchito amagwira kaye gawo la ndalama, kawirikawiri K5 kapena K10 pa K100 iliyonse, mpaka patapita miyezi ingapo nyumbayo ikugwiritsidwa ntchito. Palibe choletsa banja la pa tauni yaing'ono kuchita chimodzimodzi, bola zikambidwe tsiku loyamba, pamaso pa mboni, n'kulembedwa m'kope: ntchito yake ndi iti, mtengo wake, ndalama izituluka pa siteji iti, ndipo yotsala idzaperekedwa liti. Kulipira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba kumathandizanso, poti uthenga umatsala m'foni tsiku lodzakangana.

Kope lomwelo limatetezanso mmisiri. Eni nyumba ambiri amasintha maganizo ntchito ili m'kati, windo lisunthe, chitseko chiyang'ane uku, kenako n'kumati ndi kantchito kochepa kosafunika kulipira. Ena amasiya amisiri akuothera dzuwa masiku atatu poti simenti sidabwere, ndiye n'kumadabwa akapeza ganyu kwina.

Mdani wina wa bajeti ndi kwacha. Ndalamayi idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo omwe ntchito idawapeza pakati nthawi imeneyo adaona makotesheni a m'mahadiweya akusanduka mapepala wamba. Zambiri zomalizitsira nyumba, monga matailosi, maloko, masoketi ndi za kubafa, zimachokera kunja. Zoterezi sizionongeka posunga, choncho wanzeru amagula ndalama ya fodya kapena soya ikadali yotentha m'thumba. Matailosi agulidwe onse tsiku limodzi, ndi bokosi limodzi lapadera pa mabokosi 10 aliwonse, chifukwa wobwerera kusitolo patatha miyezi iwiri amapeza mtunduwo watha kapena wasiyana maonekedwe. Simenti yokha ndiyo yosafunika kuunjika. Kaya ndi ya Shayona ya ku Kasungu kaya yochokera ku Zambia, ikakhala miyezi yoposa itatu imayamba kufooka, ndipo ikagona pansi popanda matabwa imauma ngati mwala.

Pa Mponela paja, zinthu zidayamba kuyenda mayi atalanda kope. Bilidala adabwerera mkulu wa mpingo atalowererapo, ngakhale ankabwera Loweruka lokha. Kwa amisiri otsalawo, kalipentala, pulambala ndi wopenta, mayi adanena poyera kuti aliyense gawo lina la ndalama yake adzalandira mvula yoyamba ikagwa. Padali kung'ung'udza, koma palibe adakana ntchito.

Kenako adakhala pansi ndi bambo n'kugawa zotsala pawiri: zoteteza nyumba ndi zokongoletsa nyumba. Magalasi, zitseko, maloko, bafa, pulasitala wakunja ndi khonde lozungulira nyumba zidapita patsogolo. Khondelo bambo ankafuna lidikire, koma ndilo limakankhira madzi a padenga kutali ndi maziko. Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, kupatula zomwe zidakokoloka ndi matope, nyumba zambiri m'maboma a kummwera zidagwa chifukwa makoma omangira dothi adamwa madzi masiku angapo otsatizana. Matailosi a m'zipinda zogona ndi penti yakunja adazisiyira fodya wa chaka chamawa. Pansi adangosalaza ndi simenti yofiira ija ya kale, yomwe ikapakidwa polishi imawala ndithu.

Lisadafike tsiku lolowa, awiriwa adayenda chipinda ndi chipinda, kope m'manja. Chitseko chilichonse adachitsegula ndi kuchitseka, makiyi onse adawayesa. Tchaja ya foni idalowa m'soketi iliyonse. Matailosi a pabalaza adawagogoda limodzilimodzi ndi ndalama yachitsulo, ndipo anayi omwe adalira ngati ng'oma, kusonyeza kuti pansi pake pali mphako, adazulidwa. Kubafa adakhuthula ndowa ya madzi kuti aone komwe athamangire, n'kupeza akulowera kukhomo m'malo molowera kubowo. Pulambala ndi woika matailosi adalozana zala theka la tsiku, koma adakonza. Pomaliza adatseka mipope yonse n'kukhala ola lathunthu akuyang'ana mita ya madzi. Sidasunthe.

Adalowa m'nyumbamo sabata yachiwiri ya Novembala, ndipo mvula idabwera usiku wachinayi, yamphepo. Mayi, poti chizolowezi sichitha msanga, adali atasendeza kale beseni pafupi ndi bedi. Bambo adazungulira ndi tochi. Pabalaza pouma, kukhitchini kouma, koma m'chipinda cha ana aakazi, pomwe denga latsopano lidakumana ndi khoma lakale, siling'i idali ndi kabanga konyowa kukula ngati mbale ya ndiwo.

Foni ya kalipentala idangoitana kawiri. Pofika 7 koloko m'mawa adali atatsamiritsa kale makwerero kukhoma.