Kyuteksi kukanganuka tsiku lachiwiri: wolakwa ndani?

Basi ikangoima pa Lizulu, chimene munthu umayamba kuona pawindo ndi manja. Manja onyamula mabeseni a kachewere, tomato, kabichi, karoti ndi anyezi, aliyense kufuna kuti bwana agule zake. Tsiku lina mudzayang'anitsitse zala zimenezo. Atsikana ndi amayi ambiri a geni pamsika wa m'malire a Malawi ndi Mozambique umenewu amapaka kyuteksi, koma kyuteksi wake amakhala atatsala zigambazigamba ngati penti wa minibasi yotopa.

Mukawafunsa, mlandu onse amaukankhira kwa ogulitsa. Ati masiku ano zinthu n'zafeki, munthu kupaka Lamulungu, pofika Lachiwiri zonse zasupuka. Zafeki ziliko, sitikukana ayi. Koma zoona zake n'zakuti nthawi zambiri botolo limangonamiziridwa. Adani enieni a kyuteksi alipo atatu: mafuta, madzi ndi phuma. Ndipo ndalama ikuvutayi, makamaka chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, palibe mayi angakonde kumagula botolo latsopano mwezi ndi mwezi.

Tiyambe tadziwa kuti kyuteksi n'chiyani. Dzinali lidachokera ku Cutex, dzina la malonda la ku America limene adayambitsa Northam Warren mu 1911. Amalawi tidangolitenga kukhala dzina la utoto uliwonse wa zikhadabo, monga momwe mankhwala onse otsukira mano timangoti Colgate. Utoto wake ndi pachibale ndi penti wa galimoto amene adatchuka m'zaka za m'ma 1920, chifukwa onsewa tsinde lake ndi mankhwala otchedwa nitrocellulose. Mukapaka, madzi onunkha aja amauluka, pachikhadabo n'kutsala kachikopa kopyapyala kowala.

Tsono funsani mmisiri aliyense wopenta galimoto. Adzakuuzani kuti penti sagwira pachitsulo chamafuta kapena chonyowa, ndipo sathira wambiri nthawi imodzi. Chikhadabonso n'chimodzimodzi.

Mdani woyamba ndi mafuta. Lizulu ndi kumtunda, ndipo chisanu cha mu Juni ndi Julayi sichiseka ndi munthu. Khungu limachita mbuu, choncho amayi amadzola Vaseline kapena glisalini mpaka ku zala. Kudzolako n'kwabwino, koma kyuteksi akagwera pamafutawo amangoyandama. Musanapake sambani m'manja ndi sopo, pukutani, kenaka chikhadabo chilichonse muchipukute ndi thonje lonyowetsa ndi mankhwala ochotsera kyuteksi kapena sipiriti. Kachikopa kamene kamamera m'tsinde mwa chikhadabo kakankhireni m'mbuyo pang'onopang'ono, osakadula. Kyuteksi akakwera pakachikopako ndi pomwe amayambira kutukuka.

Mdani wachiwiri ndi madzi. Ambiri sadziwa kuti chikhadabo chimamwa madzi. Chikanyowa chimafufuma, chikauma chimabwerera m'malo. Kyuteksi wouma satha kutsatira kufufuma ndi kubwerera kumeneku, ndiye amang'aluka. N'chifukwa chake kupaka mutangochoka kochapa kapena kosamba ndi kutaya ndalama. Dikirani ngakhale ola limodzi kuti zikhadabo ziume kwenikweni. Kwa mayi amene m'mawa uliwonse amatsuka karoti ndi kachewere m'madzi ozizira, madzulo n'kutsukanso mbale ndi sopo wa ufa, magolovesi a labala ndiwo mpulumutsi. Anzanu angakusekeni kuti mwasanduka namwino, koma Loweruka adzakhala akusirira zala zanu.

Mdani wachitatu, yemwenso ndi wamkulu, ndi phuma. Akuluakulu adati kuthamanga sikufika. Mtsikana amafuna mtundu uoneke msanga, ndiye amadzaza burashi n'kumata kamodzi kokha mochindikala. Pamwamba pamauma, pansi pali phala. Kungogunda beseni, basi zatha.

Kapakidwe koyenera nkaka. Yambani ndi kyuteksi woyera ngati madzi uja wa pansi, amene pabotolo pake amalemba kuti base coat. Iyeyu ndiye amagwiritsa mtundu komanso kuteteza chikhadabo kuti chisachite chikasu. Kenaka pakani mtundu wanu mopyapyala, burashi iyende katatu kokha: pakati, kumanja, kumanzere. Dikirani mphindi ziwiri kapena zitatu, mubwerezenso mopyapyala. Malizani ndi wowalitsa wa pamwamba, top coat. Ulendo uliwonse muzidutsitsa burashi kunsonga kwenikweni kwa chikhadabo, ngati mukupinda m'mphepete mwa chitenje kuti chisasosoke, poti kukanganuka kumayambira kumeneko. Pakapita masiku awiri kapena atatu, onjezerani wowalitsayo kamodzi.

Dziwaninso kuti kyuteksi akaoneka wouma pakatha mphindi 15 sindiye kuti walimba. Kulimba kwenikweni kumatenga maola ambiri. Kupaka usiku n'kulowa m'bulangete, m'mawa mupeza ulusi utadinda pazala. Kupaka m'mawa pa tsiku la msika, ndiye musayerekeze n'komwe. Nthawi yabwino ndi masana a tsiku lopuma, nsima itadyedwa, mbale zitatsukidwa, mwana ali ndi azakhali ake.

Botolo nalo lifuna chisamaliro. Musalikhutchumule, chifukwa mumalowetsamo timathovu. Lipukuseni pakati pa zikhato. Litsekeni zolimba ndipo lisungeni pamthunzi, kutali ndi mbaula ndi kandulo, poti kyuteksi sachedwa kugwira moto. Pogula, pewani botolo limene lakhala likuwambidwa padzuwa pabenchi mpaka mkati mwalimba ngati uchi. Ena kyuteksi akalimba amathiramo mankhwala ochotsera aja kuti asungunuke. Amapakika inde, koma sawalanso bwino ndipo sachedwa kusupuka.

Nanga utali wa zikhadabo? Apa tinene mosapsatira. Zikhadabo zazitali n'za anthu amene ntchito yawo ndi kusayina mapepala. Mayi womasula matumba a kachewere asunge zazifupi, zozungulira bwino m'mbali, ndipo pozipala kafayilo kaziyenda mbali imodzi. Chikhadabo si mpeni, si chotsegulira chitini, sichokalira mayunitsi. Chikathyoka mudikira nthawi, pakuti chimakula pafupifupi mamilimita 3 okha pamwezi.

Masiku ano kudabwera jelo, uja amaumitsa ndi kanyali m'masaluni a ku Lilongwe, Blantyre ndi m'matauni ena. Iyeyu amakhala masabata awiri kapena atatu osagwedezeka. Koma chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Jelo sachotsedwa ndi mano kapena lezala. Amafunika kuviika m'mankhwala a acetone kwa mphindi 10 kapena 15. Mukamukanganula mwamphamvu amachoka ndi khungu la pamwamba la chikhadabo, n'kuchisiya chopyapyala ngati pepala. Mu 2018 bungwe la madokotala a khungu ku Britain lidachenjeza kuti anthu ambiri akutupa ndi kuyabwa zala chifukwa cha mankhwala a mu jelo okhudza khungu asanaume. Ndipo kuyambira pa 1 Seputembala 2025, mayiko a European Union adaletsa mankhwala otchedwa TPO amene ankapezeka mu jelo wambiri. Si kulakwa kupempha mwini saluni kuti muwerenge pabotolo.

Nkhaniyi si ya kutchena kokha ayi. Kyuteksi wong'aluka ndi zikhadabo zazitali zimasunga litsiro limene sopo amavutika kulifika, pamene manja omwewo ndiwo akugwira tomato wa makasitomala ndi kudyetsa mwana phala. Sitinaiwale kolera ya 2022 mpaka 2023 imene idatenga miyoyo yoposa 1,700 m'dziko muno. Kyuteksi akayamba kukanganuka, mchotseni yense, zala zipume. Amayi oyembekezera nawonso achotseretu popita kukadikirira kuchipatala, chifukwa anamwino amaona mtundu wa chikhadabo komanso amapana kachipangizo pachala pofuna kudziwa ngati mpweya ukuyenda bwino m'magazi.

Mukatsata izi, botolo lomwe lija mumalinena kuti n'lafeki likhoza kukufikitsani sabata yathunthu. Ndipo kasitomala wa pawindo la basi, pakati pa manja khumi omulozetsa tomato wofanana, amayamba walandira wa m'manja osamalika.