NCHITO IKATHA, LUSO SILITHA

Kuyambira m'masiku a atsamunda, anyamata a ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi anali kusiya makasu kupita ku Migodi kukafuna ndalama za msonkho ndi za cikwati. Ambiri anakulira komweko, nayamba kuyesa nchito ya pamgodi ngati munda wosaguga. Koma mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, zinthu zinayamba kusintha.

Mgodi wa Kabwe unatsekedwa mu 1994. Pamene migodi ya kampani ya boma ya ZCCM inatha kugulitsidwa mu 2000, anchito a m'migodi anali atatsala pafupi 22,000, pomwe m'zaka za m'ma 1970 anali oposa 60,000. Mu 2015 kampani ya Mopani inacotsanso anthu oposa 4,000. Ena mwa anthu amene anataya nchito m'zaka zimenezi ndi ana a midzi ya kuno kum'mawa.

Munthu wocotsedwa nchito amayamba kulimbana ndi manyazi njala isanafike. Bambo amene anali kutumiza sopo ndi zitenje kumudzi amaopa kubwerera cimanjamanja, motero amakhalabe m'komboni kudikira kuti mwina adzaitanidwanso. Ndalama zomutsazika nazo zimathera ku lendi, ku mowa ndi kwa abale obwera kudzapempha. Akuluakulu anati kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka.

Cimene kalata yocotsa nchito singalande ndi luso la m'manja. Amene anali kuocherera zitsulo pamgodi angathe kukonza ngolo, mapulawo ndi mafelemu a zitseko pamsika wa kwao. Wa zamagetsi angaike sola m'masitolo ndi m'nyumba. Makanika sasowa cigayo kapena njinga yamoto yofuna kukonzedwa. Nchito zimenezi zimalipira pang'onopang'ono, koma alimi amazifuna caka ciliconse, makamaka akagulitsa zokolola.

Wosankha ulimi ayenera kuvomera kuti wabwerera ku sukulu. Malo apemphe kwa nyakwawa mwaulemu, ndipo asayambe ndi munda waukulu. Nshawa, soya ndi mpendadzuwa sizifuna feteleza wambiri monga cimanga. Alangizi a zaulimi amadziwa mbeu zoyesedwa pa Msekera, pafupi ndi Chipata. Nthawi zambiri mphunzitsi woyamba ndi mkazi kapena mlongo amene anasunga munda zaka zonse mwamuna ali ku tauni, ndipo mau ace ayenera kumveka pokonza za ndalama.

Thandizo la boma liliponso. Mu 2022 thumba la CDF linakwezedwa kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, ndipo gawo lina linapatulidwa kulipirira acinyamata maphunziro a nchito zamanja. Lamulo la 2023 linalola membala wa NAPSA amene wapereka miyezi 60, kapena wafika zaka 45, kutapako 20 peresenti ya ndalama zace kamodzi kokha. Ndalama imeneyi ndi ya ukalamba wace. Ikagula makina oocherera kapena ng'ombe zolimira idzabala, koma ikapita ku madyerero sidzabweranso.

Eni mudzi nawonso ali ndi mbali yao. Wobwera kucokera ku Migodi akalandiridwa ndi ciseko, amabwerera ku komboni pamodzi ndi luso lace, ndipo pulawo yothyoka imanyamulidwabe ulendo wautali kukaocheredwa ku boma.