Kamera ya ku Chigwa cha Shire: ya kalilole kapena yopanda?

Achinyamata ojambula maukwati ku Nchalo ndi ku Bangula amandifunsa kawirikawiri kuti agule DSLR kapena mirrorless. Nkhani yagona pa kalilole. M'kati mwa DSLR muli kakalilole kotumiza chithunzi m'diso mwanu osadya moto wambiri, choncho batire limakhalitsa. Mirrorless ilibe kalilole, zonse mumaonera pa sikirini, ndipo batire limatha msanga. Kuno magetsi akazima tsiku lonse, zimenezi si zazing'ono.

Ndiye pali fumbi la mu Okutobala. Mukachotsa lenzi pa mirrorless zambiri, sensa imakhala pambalambanda, kenako timadontho takuda timaoneka pa diresi loyera la mkwatibwi. Kutentha kwa ku Nsanje kopyola madigiri 40 kumazimitsanso mirrorless zina mukajambula vidiyo nthawi yaitali.

Koma wotsata nyala ku Lengwe kapena mbalame ku Elephant Marsh, mirrorless imamuyenera: ndi yopepuka, ndipo imajambula mwakachetechete osadzidzimutsa nyama. Canon ndi Nikon nawonso mphamvu zawo zapita kumeneko. Woyamba kumene, ine ndimamuuza kuti agule DSLR yakaunjika, ndalama zotsalazo agulire lenzi yabwino ndi batire lachiwiri.