Chitsulo Chikakakamira mu Injini, Musathamangire Gasi

Eni njinga zamoto ambiri kuno ku Rufunsa amakhulupirira kuti chitsulo chikakana kutuluka mu injini, mankhwala ake ndi nyundo, ndipo nyundo ikalephera, ndiye kupita kwa wowotcherera kuti akachiwaule ndi gasi. Mainjini ong'ambika amene amafika pa malo anga ogwirira ntchito, ambiri anadutsa m'njira ziwirizi. Moto timaugwiritsa ntchito ndithu ife amakanika, koma nkhani imagona pa moto wanji, wochuluka bwanji, ndipo tiuloza pati.

Kesi ya injini ya Boxer, TVS kapena Honda ndi ya aluminiyamu, pomwe beyaring'i yokhala m'kati mwake ndi yachitsulo. Kufakitale amaboola dzenje lochepa pang'ono kuposa beyaring'iyo kuti igwire zolimba. Zonse ziwiri zikatenthedwa zimafutukuka, koma aluminiyamu amafutukuka pafupifupi kawiri kuposa chitsulo. Tengani beyaring'i ya mamilimita 52 m'mimba mwake. Mukaonjezera kutentha ndi madigiri 100, dzenje limakula ndi mamilimita pafupifupi 0.12, beyaring'i ndi 0.06 yokha. Mpata wotsalawo ndi wonga kunenepa kwa tsitsi limodzi, koma ndi wokwanira. Mukatembenuza kesi n'kuigogoda pa thabwa, beyaring'i imagwa yokha, phi! Choncho timatenthetsa chimene chagwira, osati chimene chagwidwa.

Ine ndimayambira pa madzi owira. Anyamata ophunzira ntchito amaseka poyamba, ati bwana akuphika tiyi, koma madzi ali ndi ubwino umene gasi alibe: ngakhale mukoleze bwanji moto, sapitirira madigiri 100. Simungawononge nawo kesi. Pini ya pisitoni ikalimba, nsanza yoviika m'madzi owira yokulunga pa pisitoni imakwanira, pini n'kutuluka ndi chala. Chofunika n'kupukuta bwino pambuyo pake ndi kupaka oyilo, kuopa dzimbiri.

Madzi akalephera, timakwera pa mbaula. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa amaika kesi pa makala penipeni. Ayi. Dikirani malawi azilale, yalani chitsulo chophwathalala pamwamba pa mbaula, ndiyeno gonekani kesi pa chitsulocho kuti kutentha kulowe pang'onopang'ono mbali zonse. Tsukani kaye oyilo ndi petulo yense, chotsani masilo a labala ndi chilichonse cha pulasitiki. Muyeso wathu ndi dontho la madzi: likagwa pa kesi n'kuchita tsss, n'kuuma msanga, mwadutsa madigiri 100, ndipo basi, phulani. Beyaring'i imene mukufuna kuigwiritsanso ntchito isapitirire madigiri 120, apo ayi chitsulo chake chimayamba kutaya kulimba.

Chida cha magetsi chouzira mphepo yotentha n'chabwino kwambiri pa ntchitoyi, ndipo amene ali nacho asachisiye. Koma chimadalira magetsi a ZESCO, ndipo tonse tikukumbukira 2024, madzi atachepa ku Kariba, mmene magetsi ankathimira tsiku lonse. Ndiponso makanika wa ku Shikabeta kapena m'midzi ya kuseri kwa Mpanshya achilumikiza pati? N'chifukwa chake mbaula sidzachoka msanga pa ntchito yathu. Magetsi akakhalapo, firiji nayo imathandiza: beyaring'i yatsopano ikagona mu firiji imafota pang'ono, ndipo imalowa m'kesi yotentha popanda kumenya.

Mabawuti a paipi ya utsi ndi nkhani ina. Njinga za kuno zimawoloka timitsinje nthawi ya dzinja zitasenza matumba a makala ndi chimanga, ndiye matope, madzi ndi kutentha zimamanga dzimbiri pa ulusi wa bawuti. Apa mbaula sithandiza kwenikweni, pafunika moto wolunjika malo amodzi. Kabotolo ka gasi ka m'manja n'kokwanira. Yendetsani lawi mozungulira bawuti, musaliimike pamodzi, kenaka lekani pazizire pang'ono, donthezani mafuta omasulira, yesani sipanala kutsogolo ndi kumbuyo. Kubwereza kangapo kumaposa kukakamiza kamodzi. Mabawuti omatidwa ndi guluu wa Loctite wofiira amafuna madigiri pafupifupi 250 kuti guluuyo afooke. Musanayatse chilichonse, thanki ndi kabuleta zichoke, zikakhale kutali, pakuti nthunzi ya petulo imayenda pansi mosaoneka.

Tsono gasi wa owotcherera uja. Lawi lake limapitirira madigiri 3,000, pomwe aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660. Choopsa n'chakuti sachenjeza. Chitsulo chimafiira, inu n'kudziwa kuti mwafika pati. Aluminiyamu amakhala wotuwa chomwecho mpaka mungoona wayamba kudontha. Ngakhale asasungunuke, kutentha mbali imodzi kumapinda kesi, ndipo kesi yopindika imadontha oyilo ngakhale muike gasiketi yatsopano. Pamenepo palibenso kukonza, ndi ulendo wa pa Great East Road kukafuna kesi ina ku Chongwe kapena ku Lusaka, mtengo wake woposa ntchito yonse imene munabwerera. Ine gasi ameneyu ndimamulola pa nati yachitsulo imene ndaganiza kale kuitaya, ndipo ikhale kutali ndi aluminiyamu.

Pali malo amodzi pomwe sindilola moto wa mtundu uliwonse: fulayiwilo. M'kati mwake muli maginito, ndipo akatenthedwa amafooka osabwereranso. Njinga imayamba kuvuta kuliza, getsi n'kumayaka mwaulesi, mwini wake n'kumagula batire ndi mapulagi pachabe. Fulayiwilo ili ndi chida chake chokokera, cha ulusi wolingana ndi mtundu wa njingayo. Makanika wanu akati alibe, muuzeni akabwereke kwa mnzake, inu mudikire.