Mbale ya Ana: Wamng'ono ndi Mlendo Amadyera Pati?

Dzuwa likamalowa kuseri kwa phiri la Domwe, utsi umayamba kufuka m'makhitchini a midzi ya ku Angonia, ndipo ana amene sanaoneke pakhomo tsiku lonse amatulukira mmodzimmodzi ngati kuti wina wawaitana. Chawaitana ndi kulira kwa mthiko mu nkhali. Mayi akatha kuomola nsima amaigawa patatu: mbale ya abambo, mbale ya amayi, ndi mbale ya ana. Kagawidwe kameneka nkakale ndipo aliyense amakadziwa, koma ndi anthu ochepa amene amayang'anitsitsa kuti pa mbale zitatuzi ndani amadzuka atakhuta, nanga ndani amadzuka chifukwa choti nsima yatha.

Malo a aliyense ndi odziwika. Bambo amadyera m'nyumba kapena pakhonde la kumaso, atakhala pampando, ndipo ngati kwabwera mlendo wamkulu wamwamuna amadya naye limodzi. Mayi ndi atsikana osinkhukirapo amayala mphasa pafupi ndi khitchini. Ana amaikiridwa mbale yawo pabwalo kapena pakhonde la kuseri. Mnyamata akafika msinkhu wobusa mbuzi sakhalanso pa mphasa ya amayi ake, ndipo akamanga mphala nsima imamutsata komweko. Mkamwini naye ali ndi lamulo lake: sadya pamaso pa apongozi ake aakazi, chakudya chake chimatumizidwa ndi mwana ku nyumba yake.

Makolo amene anakonza zimenezi anali ndi zifukwa zomveka. Akulu akamadya amakamba za milandu, za maliro ndi za maukwati, nkhani zosayenera makutu a mwana. Mwana amatayatayanso chakudya, amapisa dzanja m'mbale ya ndiwo asanameze mbamu yoyamba, ndipo mlendo akaona zotere amanyoza mayi wa pakhomopo kuti sanalange. Pa mbale ya ana mpamene munthu amaphunzira kudikira kuti wamkulu ayambe kutema nsima, kusatola nthuli ya nyama asanapatsidwe, ndi kusasusa ndiwo ngati kuti akudya yekha. Amene anakula m'mudzi amadziwa kuti maphunziro amenewa sapezeka kusukulu.

Vuto lili pa mwana wa zaka ziwiri kapena zitatu. Mwana wotere akangoleka kuyamwa, makamaka mayi akakhala ndi pathupi pena kapena khanda kumsana, amachotsedwa pamiyendo ya amayi ake nkuperekedwa ku mbale ya ana. Kumeneko amakumana ndi achimwene ake a zaka khumi amene achokera kudambo ndi njala yoopsa. Nsima imafika ili yotentha. Wamkulu zala zake zinazolowera, amatema, amaumba, amasusa, amameza. Wamng'ono amadikira kuti izizire, amauzira, nthawi zina amayamba walira kaye chifukwa yamuotcha. Pamene iye akumaliza mbamu yachitatu, nyemba zatha, mwatsala msuzi wokha, ndipo mtanda womaliza wagawidwa kale. Mayi ali chapatali akuona ana onse atazungulira mbale, mtima wake uli m'malo kuti onse adya. Mwana sanena kanthu, chifukwa sadziwa kuti akanayenera kudya zochuluka bwanji. Mawa lake zimachitikanso chimodzimodzi.

Izi zikuchitika ngakhale m'maboma amene nkhokwe zimadzaza. Angonia ndi Tsangano amadyetsa mzinda wa Tete ndi chimanga, nyemba ndi mbatata ya kachewere, koma ana opinimbira amapezekanso m'midzi yomweyi. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2011 anapeza kuti ana 43 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu mu Mozambique anali opinimbira, ndipo wa 2022 mpaka 2023 anapeza 37. Zifukwa zake nzambiri, monga malungo, kutsegula m'mimba ndi kudya nsima yokhayokha, koma malo odyera ali m'gulu lomwelo. Nchifukwa chake kusikelo anamwino amalangiza kuti mwana wamng'ono akhale ndi kambale kakekake, munthu wamkulu akhale naye pafupi mpaka amalize, ndiponso kuti kuyambira miyezi 9 mpaka zaka ziwiri adye katatu kapena kanayi patsiku. Mimba yake njaing'ono, sangadikire nsima ya masana ndi ya madzulo ngati munthu wamkulu.

Beseni losambira m'manja nalonso limayenda motsata ukulu. Amayamba bambo, kenaka ena onse, ndipo likamafika kwa wamng'ono madzi asanduka mtundu. Amene thupi lake silinalimbe ndiye amasamba litsiro la banja lonse. Chiyambire mliri wa kolera umene unabuka ku Malawi mu 2022 nkuonekanso ku Lago m'chigawo cha Niassa chaka chomwecho, makomo ambiri anaphunzira kuthirirana madzi ndi kapu, beseni lili pansi longolandira. Ulemu sunachepe ndi pang'ono pomwe, chifukwa wamng'ono ndiye amagwada nkuthirira wamkulu.

Nkhani imakula pakakhala mwana wa eni. Mwana wa nyumba yoyandikana nthawi ya chakudya ikamupeza akusewera pakhomo, lamulo lakale linali lalifupi: asambe m'manja, akhale pa mbale ya ana. Sankafunsidwa ngati wadya kwawo. Masiku ano pali njira zambiri zomuchotsera mosaonetsera. Mayi wina amati, "Thamanga, amayi ako akukuitana," pamene palibe wamuitana. Wina amavundikira nkhali nkumachedwa kuomola mpaka mwanayo atatopa. Wina amaitanira ana ake m'nyumba mmodzimmodzi ngati akukawatuma, nkutseka chitseko. Mwana wa zaka zisanu amazindikira zonsezi, ngakhale akulu amaganiza kuti sakuona.

Komanso kwawo mwana yemweyo analangizidwa kale: "Usakadye kwa eni. Akakupatsa unene kuti zikomo, ndakhuta." Mbali ina ya lamuloli ndi manyazi, poopa kuti anthu anganene kuti pakhomo paja palibe ufa, kapena kuti mwanayo ngosusuka. Mbali ina, imene sinenedwa mokweza, ndi mantha. Makolo amaopa kuti mwana angadyetsedwe mankhwala oipa, kapena angaphunzitsidwe ufiti kudzera m'kanthuli ka nyama. Mantha amenewa apasula ubale m'midzi yambiri. Mwana akadya kwa gogo wina madzulo nkuyamba kutsegula m'mimba usiku, m'mawa mwake dzina la gogoyo lili pakamwa pa mudzi wonse, ndipo palibe amene akufunsa za chitsime chimene mwanayo anamwako masana. Mapeto ake ndi akuti ngakhale mayi wa mtima wabwino amaopa kupatsa chakudya mwana wa mnzake, pokana kudzasenza mlandu. Amene amagona ndi njala pa mkangano wonsewu ndi mwana amene kwawo sikunafuke utsi tsiku limenelo.

Mwana wachibale wochokera kutali amalandiridwa mosiyana. M'malire muno palibe banja lopanda abale tsidya lina, ndipo nthawi ya tchuthi ana amadutsa pa Calomue kuchokera ku Dedza, pa Biriwiri kuchokera ku Ntcheu, kapena amangooloka msewu pa Lizulu kubwera kwa agogo ndi atsibweni awo. Tsiku loyamba mwana wotere ndi mlendo weniweni. Amamuyalira mphasa m'nyumba, amamubweretsera mbale zovundikira, mwina nkhuku yafa chifukwa cha iye, ndipo amamusiya yekha kuti adye momasuka. Kunena zoona, mwana wa zaka zisanu ndi zitatu samasuka m'nyumba yachilendo ali yekha. Amadya pang'ono, podziwa kuti mlendo samaliza mbale, ndipo panja anzake akudikira makombo. Pofika tsiku lachitatu ulendo watha, amatsikira ku mbale ya ana, ndipo nthawi zambiri mpamene amayamba kukhuta.

Akulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma pali mlendo wina amene sakamuka: mwana wamasiye, kapena amene amayi ake anakwatiwanso kwina, kapena amene makolo ake anapita ku Joni osabwerera. Kwa Achewa mwana wotere ndi wa mbumba ya amayi ake, ndipo atsibweni ndiwo ayenera kumuyang'anira. Kwa Angoni olowola ndi wa kwa bambo ake. M'midzi imene miyambo iwiriyi inasakanikirana, zimachitika kuti mbali iliyonse imaloza inzake, mwana nkukhala pakhomo pamene sanamufune kwenikweni. Malo ake odyera amaulula zonse. Pali makomo amene amakhala pa mbale imodzi ndi ana a pakhomo, moti munthu wodutsa sangasiyanitse. Pali enanso amene amatumidwa kumadzi nthawi yoomola, nkubwera kudzapeza nkhoko ndi msuzi, nkudyera kukhitchini chiimire. M'matauni monga Ulongwe ndi Tete, kamtsikana kotengedwa kumudzi kuti kazilera mwana kamakumana ndi zomwezo: ana a pakhomo ali patebulo, iko kali kuseri ndi mphika.

Kale mwana wotere ankapulumukira pa chidyerano. Mabanja a mbumba imodzi ankaphika aliyense kwake, koma mbale zonse zinkatengedwa kupita pamalo amodzi, amuna paokha, akazi paokha, ana paokha. Nyumba ina ikabweretsa nkhwani wotendera, ina nyemba, ina mfutso, aliyense ankalawa zonse. Nkhalamba yopanda mphamvu zolima inkadya, wamasiye ankadya, ndipo mayi womana ankaonekera poyera chifukwa mbale yake inkafika yaing'ono pamaso pa anthu onse. Funso loti mwana wa eni adyera pati silinkabuka, popeza panalibe mwana wa eni pa bwalo limenelo.

Chidyerano chinayamba kuzirala kale, pamene chimanga ndi nyemba zinasanduka malonda ndipo banja lililonse linayamba kuwerenga matumba ake. Nkhondo inamaliza zotsala. Anthu oposa 1 miliyoni anathawira ku Malawi, ndipo ambiri a ku Angonia ndi Tsangano anakakhala m'maboma a Dedza ndi Ntcheu. Kumeneko chakudya chinkalandiridwa ndi khadi, poyezera chiwerengero cha anthu olembedwa pa banja. Ufa ukakhala woyezedwa chotero, mbamu iliyonse yopita kwa mwana wosalembedwa pa khadi inkachoka pakamwa pa mwana wolembedwa. Mayi amene anatseka chitseko m'zaka zimenezo sangaimbidwe mlandu wa umbombo. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu anabwerera m'zaka zotsatira, ena kumidzi yawo yakale, ena kumalo atsopano pakati pa anthu osawadziwa. Anamanganso nyumba ndi nkhokwe, koma bwalo lodyera limodzi m'midzi yambiri silinabwererenso. Malamulo olekanitsa akulu ndi ana anatsala monga analili, pamene chimene chinkateteza wamng'ono ndi wamasiye chinapita.

Kambale kamene anamwino amalimbikitsa nakonso kali ndi otsutsa. Agogo ambiri amati mwana wodya payekha amakula womana, sadziwa kugawana, ndipo tsiku lina adzabisira chakudya m'bale wake. Mawu amenewa sangatayidwe, chifukwa aliyense anaonapo mwana wokulira m'tauni akukumbatira mbale yake mnzake akayandikira. Koma mwana wa zaka ziwiri pa mbale ya achimwene ake sakuphunzira kugawana, akungoluza mpikisano umene sangaupambane.

Makomo ena apeza njira yapakati. Mayi asanatumize mbale ya abambo, amayamba wapatula kamtanda ndi ndiwo zenizeni, osati msuzi wokha, nkuziika pambali kuti zizizire. Wamng'ono amadyera pa mphasa ya amayi, pamene diso la munthu wamkulu likumuona, mpaka atafika msinkhu wotha kulimbana ndi nsima yotentha, ndiyeno amapita kwa anzake. Pa mbale ya ana, mtsikana wamkulu kapena gogo amagawiratu nyama ndi nsomba m'manja mwa aliyense, kuyambira wamng'ono, mlendo ali m'gulu lomwelo. Za mwana wa nyumba yoyandikana, amayi ena amagwirizana okhaokha kuchitsime kuti wopezeka nthawi ya nsima adye pomwepo, ndipo akatha kudya amaperekezedwa kwawo ndi mwana wamkulu amene amakanena kwa amayi ake kuti, "Wadya kale kwathu, nsima ndi nyemba."