Musanagule ampulifaya ya pabalaza, ganizirani kaye za magetsi anu

Sabata yatha mnzanga wina wa kuno ku Salima anandiimbira foni ali pamsika. "Achimwene, pali ziwiri apa. Ina yalembedwa 3000W, ina 100W basi, koma yodula ndi ya 100W. Akufuna kundibera kapena?" Ndinaseka, chifukwa funso lomweli linandidyerapo ndalama. Ine ndinagula ya nambala yaikulu, n'kulumikizako masipika anayi. Tsiku lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, inangotulutsa utsi nyimbo ili mkati. Ndiye ndati ndikugawireni zomwe ndinaphunzira, makamaka inu amene wailesi imalira kuyambira m'mawa mpaka usiku.

Tiyambe ndi nambala ija. Ikatsatana ndi zilembo za PMPO, musaiwerengere, ndi yokopera makasitomala. Nambala yoona ndi ya RMS, mphamvu imene ampulifaya ingatulutse kwa nthawi yaitali osapsa. Ndipo pabalaza sipafunika mawati ambiri. Sipika yabwinobwino ikalandira wati imodzi yokha imalira mokwanira kuti anthu ocheza ayambe kukweza mawu. Kuti khutu limve ngati phokoso lawirikiza kawiri, pamafunika mawati ochuluka pafupifupi kakhumi. Choncho ya mawati 30 kapena 50 mbali iliyonse ndi yokwana, ndipo aneba sadzakutengerani kwa amfumu.

Chimene chimasiyanitsa kwambiri ndi mmene ampulifaya imadyera magetsi. Amaigawa m'magulu otchedwa Class.

Class A imamveka mosalala, koma imakoka magetsi ofanana kaya nyimbo ikulira kaya yasiya. Mwa magawo anayi a magetsi amene yadya, pafupifupi atatu kapena kuposa amangosanduka kutentha. Zilinso za mavalavu, zija zoyaka ngati timababu mkati: n'zokongola, koma zimatentha, mavalavu amatha, ndipo kuwapeza kuno ndi ntchito. Pa nyumba yoyendera mayunitsi, ziwirizi ndi zosilira chabe.

Class AB ndi imene ambiri tinakula nayo. Mumaidziwa ndi kulemera kwake: mkati muli thiransifoma yaikulu ndi zitsulo zamizeremizere zotayira kutentha. Ikamalira mokweza, pafupifupi theka la magetsi kapena kupitirira pang'ono ndi limene limafika ku masipika. Ubwino wake ndi wakuti imakonzeka. Ma transistor ngati 2SC5200 ndi 2SA1943 okonza mawailesi amawadziwa bwino, ikapsa amasintha chopsacho basi.

Class D ndi yopepuka, ina yaing'ono ngati sopo wochapira. Ena amati D akutanthauza "digital", koma ayi, ndi chilembo chabe. Iyo imayatsa ndi kuzimitsa magetsi maulendo masauzande mazanamazana pa sekondi, n'chifukwa chake sitaya mphamvu yambiri: pafupifupi magawo 90 pa 100 amafika ku masipika. Zambiri zotchipa zimagwiritsa ntchito chip ya Texas Instruments yotchedwa TPA3116, imene imayendera magetsi a pakati pa mavoti 4.5 ndi 26. Ndiye kuti mutha kuilumikiza pa batire ya sola ya mavoti 12 popanda inveta. Koma dziwani kuti pa mavoti 12 simupeza mawati 50 olembedwa pabokosi, mupeza pafupifupi 15 mbali iliyonse pa sipika ya ma ohm 4. Kuipa kwake, tizipangizo take ndi tating'ono kwambiri, ikapsa kawirikawiri mumangogula bodi ina.

Tiyeni tiwerengere. Tinene kuti ampulifaya yanu imakoka mawati 40 ikamalira motsitsa, maola 8 pa tsiku. Pa mwezi ndi mayunitsi pafupifupi 10. Ina yokoka mawati 5 pa maola omwewo imangodya yuniti imodzi ndi pang'ono. Pa batire ndiye kusiyanako kumaonekera msanga: ya asidi ya 100Ah siyenera kutsika kupitirira theka, ndiye muli ndi mphamvu yoyendetsa mawati 40 kwa maola 15 okha, musanawerengere mababu, mafoni ndi zomwe inveta imadya payokha.

Nanga yanga inapsa bwanji? Ndi ma ohm. Masipika awiri a ma ohm 4 ndinawamangirira pamodzi, waya wofiira kwa wofiira, wakuda kwa wakuda. Mukatero ma ohm amatsika kufika pa 2, ampulifaya imakoka magetsi oposa msinkhu wake. Kuwonjezera apo mayi a kunyumba anali ataifunditsa kansalu koluka kuti isalowe fumbi, mpweya osadutsa. Sindinawadzudzule, wolakwa woyamba ndinali ine. Onani kumbuyo kwa ampulifaya, pamalembedwa ma ohm ochepetsetsa amene imalola.

Ndiye musankhe iti? Ngati mumadalira sola, kapena magetsi amathimathima kwanuko, kapena wailesi imakhala yoyaka tsiku lonse, tengani Class D. Ngati magetsi ndi odalirika, masipika anu ndi aakulu, ndipo mukufuna chinthu choti mmisiri wa pafupi azitha kuchikonza, Class AB sidzakukhumudwitsani, bola muiike pamalo popita mphepo. Iliyonse mwa ziwirizi, magetsi akathima izuleni kukhoma, chifukwa nthawi yobwerera ndi imene zinthu zimapsa.

Ndipo musalipire musanamve. Pitani ndi foni yanu, ikani nyimbo yomwe mumaidziwa bwino, imvereni motsitsa ndi mokweza, kenako gwirani pamwamba muone kutentha kwake. Wogulitsa akakana kuiyatsa, pitani kwina.

Mnzanga uja kwawo ndi kwa sola. Zonse ziwiri zija anazisiya, anagula ka Class D kokwana m'dzanja. Dzulo ndinamupeza akumvera mpira pakhonde, nyumba zoyandikana nazo zili mu mdima.