Kuzindikira Mafuko a Kachirombo ka Chibayo

Nkhani ya zaumoyo ya sabata ino ikukhudza kachirombo kamene kamapha ana ambiri mu Afrika, ndiponso njira zimene akatswiri amatsata pofuna kukazindikira bwino. Kachiromboka ndi ka m'banja la mabakiteriya otchedwa Streptococcus, dzina limene linadza chifukwa tizirombo tambiri ta m'banjali timaoneka tolumikizana ngati mkanda tikaikidwa pa makina okuza zinthu zosaoneka ndi maso. Tina timayambitsa zilonda zapakhosi zimene pambuyo pake zingathe kuononga mtima, ndipo tina timadwalitsa makanda. Koma kamene nkhaniyi ikunena ndi pneumococcus, kamene kamadzetsa chibayo, matenda oumitsa khosi ndi mafinya a m'khutu.

Mlendo akafika pamudzi nanena kuti ndi Mcheŵa, akuluakulu amamufunsanso mfunda wake, kaya ndi Phiri, Banda kapena Mbeŵe. Chimodzimodzinso dokotala akamva kuti mwana ali ndi pneumococcus, funso limatsala lakuti ndi wa mtundu uti. Kachiromboka kaŵirikaŵiri kamavala malaya oterera opangidwa ndi shuga, amene amakabisa kwa asilikali a m'magazi. Mitundu ya malayaŵa imene yadziŵika kufikira lero ndi yoposa 100. Katemera amaphunzitsa thupi kuzindikira malaya, ndipo thupi lophunzitsidwa mtundu umodzi kaŵirikaŵiri silizindikira wina. Motero dziko losadziŵa mitundu imene ikuyendayenda pakati pa ana ake lingagule katemera wa mdani amene kulibe, n'kusiya khomo lotsegula kwa mdani weniweni.

Njira yakale yosiyanitsira mitunduyi inachokera pa zimene Fred Neufeld wa ku Germany anaona m'chaka cha 1902. Tizirombo timameretsedwa m'mbale mu labotale, kenaka timasakanizidwa ndi madzi ochokera m'magazi a akalulu amene anabayidwa mtundu wodziŵika. Madziwo akagwirizana ndi kachirombo, malaya ake amaoneka otupa. Njirayi ikugwirabe ntchito, koma ili ndi malire aŵiri. Choyamba, imafuna kachirombo kamoyo, pamene odwala ambiri amafika kuchipatala atamwa kale mankhwala, ndipo m'mbale simumera kanthu. Chachiŵiri, imangoona malaya, osati mwini malayawo.

Kuti kachirombo kangasinthe malaya, anayamba kuonetsa ndi Frederick Griffith ku London m'chaka cha 1928. Iye anabaya mbeŵa ndi tizirombo tamoyo topanda malaya, tosapha, pamodzi ndi tizirombo ta malaya timene anali atatipha ndi kutentha. Mbeŵazo zinafa, ndipo m'magazi mwake munapezeka tizirombo tamoyo tovala malaya a takufa tija. M'chaka cha 1944, Oswald Avery ndi anzake aŵiri, Colin MacLeod ndi Maclyn McCarty, anatsimikiza ku New York kuti chimene tamoyo tinatola kwa takufa chinali DNA, ulusi wosunga malangizo onse achibadwa. Choncho kachirombo kamene kanathandiza anthu kudziŵa ntchito ya DNA ndi komweko kamene lero kamagwidwa poŵerenga DNA yake.

Malangizo a mu DNA amalembedwa ndi zilembo zinayi zokha: A, C, G ndi T. Njira yoyamba yoŵaŵerengera imatchedwa PCR. Makina amafunafuna kandime kakang'ono kamene kamalamula kapangidwe ka malaya, n'kukachulukitsa kufikira kataoneka. Ubwino wake ndi wakuti kachirombo ngakhale kakhale kakufa, DNA yake imapezekabe m'madzi a mumsana amene atengedwa kwa wodwala matenda oumitsa khosi.

Njira yachiŵiri, yotchedwa MLST, inakhazikitsidwa pa pneumococcus m'chaka cha 1998 ndi Mark Enright ndi Brian Spratt ku England. Iwo anasankha ndime 7 zimene zimayendetsa ntchito za tsiku ndi tsiku za kachirombo ndipo sizisinthasintha msanga. Tizirombo tofanana pa ndime zonsezo timapatsidwa nambala imodzi, kusonyeza kuti n'tapachibale. Kaamba ka nambalazi, labotale ya ku Blantyre ndi ya ku Johannesburg zingathe kuyerekeza zimene zapeza popanda kutumizirana kachirombo.

Njira yachitatu ndiyo kuŵerenga DNA yonse, kuyambira chilembo choyamba mpaka chotsiriza. Kaundula wathunthu wa pneumococcus anasindikizidwa m'chaka cha 2001, ndipo ali ndi zilembo zoposa 2 miliyoni. Kuŵerenga kotere kumayankha mafunso atatu nthaŵi imodzi: malaya amene kachirombo kavala, fuko lake, ndi mankhwala amene kakhoza kuŵapirira.

Phindu lake linaoneka pa fuko lina losamva penisilini limene linadziŵika ku Spain m'zaka za m'ma 1980 litavala malaya otchedwa 23F, kenaka n'kufalikira m'maiko ambiri. M'chaka cha 2000, ku United States kunayamba katemera woteteza ku mitundu 7, ndipo 23F inali m'gululo. Akatswiri a ku Wellcome Sanger Institute ku England ataŵerenga DNA ya fukoli, anaonetsa m'chaka cha 2011 kuti ena mwa ana ake anali atavula 23F n'kuvala 19A, malaya amene katemerayo sanali kuŵadziŵa. Woyang'ana malaya okha akadati wabwera mlendo, chikhalirecho ndi mdani wakale yemwe uja.

Katemera wa mitundu 7 analibenso mitundu 1 ndi 5, imene imavutitsa kwambiri mu Afrika. Mu November 2011, Malaŵi anayamba kupereka katemera wa mitundu 13, wokhala ndi 1, 5 ndi 19A, kwa makanda a masabata 6, 10 ndi 14. Chibayo choopsa chinachepa pakati pa ana. Komabe kafukufuku wa Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre, wochitika pakati pa 2015 ndi 2018, anapeza kuti mitundu ina ya m'katemerayo inali ikadalipo m'mphuno mwa ana athanzi, kuposa mmene zinalili m'maiko olemera. Tizirombo ta m'Malaŵi tinaloŵanso m'ntchito yapadziko lonse yotchedwa Global Pneumococcal Sequencing, imene m'chaka cha 2019 inagaŵa tizirombo toposa 20,000 m'mafuko oposa 600.

Ichi n'chifukwa chake ogwira ntchito zakafukufuku amapempha chilolezo kwa makolo kuti apukute m'mphuno mwa mwana ndi kathonje, ngakhale mwanayo asakudwala. Pneumococcus amakhala m'mphuno mwa ana ambiri mwakachetechete, ndipo m'menemo ndi mmene mafuko amakumanirana n'kupatsana malaya. Kathonje kameneko kamauza a zaumoyo mitundu imene yatha ndi imene ikuloŵa m'malo mwake, kuti posankha katemera wa maŵa asamachite zongoganizira. Kholo nalo lili ndi mbali yake: kutengera mwana kusikelo pa masiku onse olembedwa m'buku lake, ndiponso kuthamangira kuchipatala mwana akayamba kupuma mofulumira kapena nthiti zikamaloŵa m'kati.